Za Byzantium ku Istanbul: maginito, positikhadi, chojambula pamanja kapena timiyala?

Amene mumapita ku Istanbul kukaoda zovala ku Laleli mukudziwa zimene zimachitika tsiku lomaliza lija, katundu mwamanga kale, mwatsala ndi ma lira ochepa, ndiye mukuzungulira ku Sultanahmet kufuna kamphatso ka kunyumba. Ineyo ndimakonda za mbiri ya a Byzantine, aja analamulira mzindawu kuyambira pomwe mfumu Constantine anausandutsa likulu mu 330 mpaka unagwa pa 29 May 1453, ndiye ndayesako pafupifupi zonse zimene amagulitsa zokhala ndi zithunzi za nthawi imeneyo. Sizofanana ayi.

Maginito a pa furiji ndiye otchipa, opepuka, mutha kugula khumi n'kunenerera mtengo bwinobwino. Koma musanatulutse ndalama werengani nsanja za mzikiti zija. Zikakhala zisanu ndi imodzi imeneyo ndi Blue Mosque ya Sultan Ahmed, inayamba kumangidwa mu 1609, siikhudzana ndi a Byzantine olo pang'ono, kungoti inayang'anizana ndi Hagia Sophia, tchalitchi chachikulu cha a Byzantine chimene chinasandutsidwa mzikiti, ndipo pa kamaginito kakang'ono zimaoneka ngati mapasa. Hagia Sophia ili ndi nsanja zinayi komanso makoma ake ndi ofiirira. Ine ulendo woyamba ndinagula atatu olakwika, ndinazindikira ndili kunyumba kale, mpaka pano ali pa furiji pomwepo. Komanso nsanja zinayizo anaziwonjezera ndi a Ottoman, amene analanda mzindawu utagwa, ndiye maginito akukuonetsani nyumbayi mmene ilili lero, osati mmene mfumu Justinian, amene anaimangitsa, anaionera mu 537.

Apa mpamene chithunzi chojambula pamanja chimaposa zonse, makamaka zija amajambula nyumbayi ngati ayidula pakati kuti muone mkati. Kamera singachite zimenezo. Mumaona denga lozungulira lija, lotambalala mamita pafupifupi 31, litakhala pa zipilala zinayi zikuluzikulu, ndi mawindo 40 kuzungulira m'munsi mwake amene amapangitsa kuti lizioneka ngati langolenjekeka m'malere. Anthemius wa ku Tralles ndi Isidore wa ku Miletus anamanga zonsezi m'zaka zosakwana zisanu ndi chimodzi, kuyambira 532, ndipo changu chinawalanga chifukwa denga loyamba linagwa mu 558 zitachitika zivomerezi, limene amajambula kwambirili ndi lachiwiri, lokwera kuposa loyamba, la mu 562. Zojambula zina zimaonetsa Hippodrome ili yathunthu, bwalo la mpikisano wa magaleta okokedwa ndi mahatchi, pamene lero mukapitapo mungopeza bwalo loyendamo anthu ndi zipilala zitatu zakale, wina osadziwa angodutsa akudya chimanga chootcha. Pamenepo mpamene panayambira chipolowe cha Nika mu 532 chimene chinawotcha tchalitchi chakale, n'chifukwa chake Justinian anamanga chatsopanochi. Mahatchi anayi amkuwa amene mumawaona pa zojambula zina za bwaloli anatengedwa mzinda utafunkhidwa mu 1204, ali ku Venice. Vuto la chojambula n'lakuti ndi pepala, mukalipinda m'sutikesi pakati pa ma jinzi lathera pomwepo, pemphani akukulungireni mu kachubu kakatoni kaja, ndipo fulemu mukaikitse kunyumba, galasi musanyamule.

Positikhadi ili pakatikati. Ya nyumba kunja ilibe phindu kwenikweni, foni yanu ijambula chimodzimodzi. Imathandiza pa zithunzi za m'makoma zopangidwa ndi timiyala, ma mosaic aja, chifukwa zambiri zili pamwamba kwambiri kapena mbali imene simungayandikire, poti Hagia Sophia inabwerera kukhala mzikiti mu 2020 ndipo alendo amawalowetsa cha m'chipinda chapamwamba. Ya Deesis, Yesu pakati, Maria mbali ino Yohane Mbatizi mbali inayo, ya m'zaka za m'ma 1200, imatuluka bwino nkhope zake. Za ku Chora, tchalitchi china chakale cha mumzindamo chimene amati Kariye, zimene nduna ya mfumu Theodore Metochites analipirira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300, ndi zambiri zoti simungazigwire zonse m'mutu ulendo umodzi, ndiye paketi ya mapositikhadi kapena kabuku kazithunzi n'kothandiza.

Koma golide. Golide pa pepala amafa, amatuluka wachikasu chothimbirira ngati ufa wa kari. Amisiri akale aja ankatsekera golide wopyapyala pakati pa galasi kenako kamwala kalikonse ankakakhazika mopendekeka pang'ono, kena uku kena uko, kuti kuwala kwa nyali kuzithwanima munthu akamayenda. Chimene chimasunga zimenezo ndi mosaic yeniyeni yomata pamanja basi, ndipo kwawo kwa zimenezi ndi ku Ravenna ku Italy kumene amisiri akadadulabe timagalasi ndi kanyundo. Mwa njira, nkhope ya Justinian ndi ya mkazi wake Theodora imene mumaiona pa makapu ndi ma T-shirt ku Istanbul inachokera ku tchalitchi cha San Vitale ku Ravenna komweko, chimene chinapatulidwa mu 547, ndipo Justinian mwini wake sanapondeko n'komwe. Mosaic yeniyeni ndi yodula, yolemera, makilo a ndege aja mwawamaliza kale ndi madilesi, komanso imasweka. Ndipo samalani, zambiri za m'mashopu a m'mbali mwa msewu ndi matailosi osindikizidwa chabe. Yendetsani chala pamwamba, ikakhala see ngati mbale ndiye kuti ndi chosindikiza, yeniyeni imakhala ya mabampu ndipo mizere yake siwongoka.

Nyali zokongola za timagalasi za ku Grand Bazaar ndi kadiso ka buluu kaja ndi zabwino ndithu koma musauze apongozi kuti ndi za Byzantium. Ndalama zachitsulo zakale wina akakunong'onezani kuti ndi zenizeni thawani, ngati akunama mwaberedwa, ngati akunena zoona ndiye mlandu, malamulo a ku Turkey salola kutulutsa zinthu zamakedzana ndipo pa eyapoti sadzamva zoti simumadziwa. Zokopera zimene amagulitsa m'mashopu a m'nyumba zosungiramo zakale zilibe vuto, sungani lisiti.

Ine ndikakhala ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha ndimatenga chojambula chodula pakati chija, chopanda nsanja, ndi positikhadi imodzi ya Deesis yoika m'Baibulo la mayi. Maginito ndimagulira ana a achemwali, iwo bola chimamatire pa furiji.