Vitz, Fit kapena Polo: iti yoyenera kukhala galimoto yanu yoyamba?

Wachinyamata amene wangolandira laisensi, ndipo wasonkhanitsa ndalama zokwanira kugula galimoto yaing'ono yogwirapo kale ntchito, kawirikawiri amazungulira pa mayina atatu: Toyota Vitz, imene m'mayiko ambiri imatchedwa Yaris, Honda Fit, imene kwina imadziwika kuti Jazz, ndi Volkswagen Polo. Zonse zitatu kutalika kwake ndi pafupifupi mamita anayi kapena kucheperapo, sizidya mafuta kwambiri, ndiponso sizivuta kuimika pamalo opanikizika. Kusiyana kwake kuli pansi pa boneti, ndipo nthawi zambiri kumaonekera patapita miyezi, galimoto ikayamba kufuna makaniko.

Muyeso umene ndikugwiritsa ntchito pano si liwiro kapena kukongola. Dalaivala watsopano amakanda bampa, amagunditsa tayala m'mphepete mwa msewu, amaiwala phazi pa klachi, ndipo nthawi zina amachedwetsa sevisi chifukwa ndalama zonse zinathera pogula galimotoyo ndi kulipira inshuwalansi, imene kwa achinyamata imakhala yokwera. Choncho funso loyenera kufunsa ndi lakuti: mwa zitatuzi, ndi iti imene ingapirire zolakwa za mwini wake popanda kumulipitsa ndalama zimene alibe?

Vitz inayamba kupangidwa mu 1999, mtundu wake wachiwiri unatuluka mu 2005, ndipo wachitatu unafika kumapeto kwa 2010. Ku Japan dzinali linasiyidwa mu 2020, pamene galimotoyi inayamba kutchedwa Yaris monga kwina konse. Wogula azindikirenso kuti Vitz imene Toyota inayamba kugulitsa ku South Africa mu 2023 ndi galimoto ina, yochokera ku Suzuki Celerio, ndipo si imene tikukamba pano. Injini zimene zimapezeka kwambiri mu Vitz ndi zitatu: ya malita 1.0, ya 1.3 ndi ya 1.5. Ya 1.0 ya mtundu wachiwiri ndi wachitatu ili ndi masilinda atatu okha, imanjenjemera pang'ono galimoto itaima, ndipo mphamvu zake ndi pafupifupi 70 horsepower. M'tauni zimenezi n'zokwanira, koma pamtunda mutanyamula anthu anayi, kapena pofuna kupitirira lole pamsewu waukulu, injiniyi imakuwa kwambiri pamene galimoto ikuwonjezera liwiro pang'onopang'ono, ndipo munthu amene sanazolowere kuyeza mtunda wa galimoto yobwera kutsogolo akhoza kulowa nayo m'mavuto. N'chifukwa chake ndimaona kuti ya 1.3 ndiyo yabwino kwa woyamba kumene: mafuta imadya ochulukirapo pang'ono chabe, koma ikapondedwa imayankha.

Ubwino waukulu wa Vitz ndi wakuti mulibe zambiri zoti ziwonongeke. Injini zake zonsezi zilibe turbo, ndipo zimagwiritsa ntchito tcheni m'malo mwa lamba poyendetsa mavavu, kotero kuti palibe lamba wa mkati wofunika kusintha pakapita makilomita akutiakuti, bola oyilo azisinthidwa pa nthawi yake. Amakaniko ambiri amaidziwa, ndipo zipangizo zake sizivuta kupeza. Zofooka zake nazo n'zoonekeratu: buti ndi yaing'ono, mkati mumamveka phokoso la msewu mukathamanga, ndipo pa mitundu iwiri yoyamba mamita oonetsa liwiro ali pakati pa dashibodi osati kuseri kwa chiwongolero, zimene ena amazolowera tsiku limodzi pamene ena sazikonda mpaka kalekale. Palinso vuto lobadwa ndi mbiri yake yabwino: popeza anthu ambiri amaifuna, mtengo wake sutsika msanga, ndiye kuti ndalama zimene zingakugulireni Vitz ya chaka chakutichakuti zikhoza kukugulirani galimoto ya mtundu wina yatsopanoko.

Honda Fit inatuluka mu 2001, kenako mu 2007, 2013 ndi 2020 inasinthidwa kotheratu. Pa nkhani ya malo mkati, palibe mwa zinazi imene ingapikisane nayo. Honda inaika thanki ya mafuta pansi pa mipando yakutsogolo m'malo moiika kumbuyo, ndipo zimenezi zinachititsa kuti mipando yakumbuyo izitha kugona pansi kwambiri, kapena kupindidwira m'mwamba n'kusiya malo otalika oikapo katundu woimirira. Wophunzira amene amasamuka kawirikawiri, kapena amene amanyamula njinga ndi katundu wa malonda, adzaona phindu la zimenezi sabata yoyamba.

Koma Fit imafuna kuti wogula adziwe bwino mtundu umene akugula, chifukwa mitundu yake imasiyana kwambiri. Injini ya 1.3 ya mtundu woyamba, yotchedwa i-DSI, ili ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse, kutanthauza mapulagi asanu ndi atatu, ndipo si zachilendo kupeza galimoto imene anthu akhala akusintha anayi oonekera mosavuta okha n'kusiya enawo, injini n'kumadukiza. Giyabokosi ya CVT (yodzisinthira yokha, yopanda magiya owerengeka) ya mtundu womwewu imadziwika ndi kunjenjemera ponyamuka, makamaka ngati oyilo wake sanasinthidwe kapena anathiramo wosayenera. Mu mtundu wachiwiri wa 2007, Honda inasintha njira yonyamukira ya giyabokosiyi poikamo torque converter, kachipangizo kolumikiza injini ndi giyabokosi pogwiritsa ntchito oyilo, vutolo linachepa kwambiri, ndipo injini ya 1.3 inakwera kufika pafupifupi 100 horsepower. Uwu ndiwo mtundu umene ndingauze mnzanga kuti aufunefune, pamodzi ndi wachitatu wa petulo yekha. Wachitatu wa hybrid (woyendera petulo ndi magetsi), umene unatuluka mu 2013, uli ndi giyabokosi ya maklachi awiri ndi magiya asanu ndi awiri, ndipo pakati pa 2013 ndi 2014 Honda inaitanitsa galimotozi kangapo ku Japan kuti zikakonzedwe. Mafuta imasunga modabwitsa, koma si galimoto yoti munthu wopanda ndalama zapadera ayesere mwayi. Muzikumbukiranso kuti giyabokosi za CVT za Honda zimafuna oyilo wakewake, amene amasiyana malinga ndi mtundu, ndipo mavavu a injini zimenezi amafunika kuyezedwa ndi kuchunidwa ndi manja nthawi ndi nthawi.

Polo ndi yakale kuposa zonsezi, popeza inayamba mu 1975, koma imene ogula ambiri a lero amakumana nayo ndi ya mtundu wachisanu, wa 2009, umene unasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka cha 2010 ku Ulaya. Aliyense amene wayendetsapo zitatuzi motsatizana amavomereza kuti pamsewu waukulu Polo ndiyo yokhazikika: chiwongolero chake sichisewera, mkati muli phee, ndipo mphepo ya mabasi odutsa siigwedeza kwambiri. Ngati maulendo anu ambiri ndi ataliatali, umenewu si ubwino wochepa.

Chovuta n'chakuti Polo imene imakopa kwambiri achinyamata ndi imenenso ili ndi chiopsezo chachikulu. Injini ya 1.2 TSI, imene ili ndi turbo, pa galimoto zopangidwa chaka cha 2014 chisanafike inali ndi tcheni chimene chimadziwika kuti chimatha kutamuka, ndipo chizindikiro chake ndi kaphokoso kogogoda kwa masekondi angapo mukaliza injini itazizira. Tchenicho chikadumpha, mavavu amagundana ndi mapisitoni. Kuyambira 2014 injini zatsopano zinabwerera ku lamba. Giyabokosi ya DSG, yosintha yokha magiya ake asanu ndi awiri, nayo ili ndi maklachi ouma, osaviikidwa mu oyilo, amene amatentha galimoto ikamakwawa pang'onopang'ono pamzere wautali kapena ikamagwiridwa pamtunda ndi phazi la mafuta m'malo mwa mabuleki. Izi ndi zimene dalaivala watsopano amachita tsiku lililonse asakudziwa. Mu 2013 Volkswagen inaitanitsa galimoto zambiri za giyabokosiyi m'mayiko osiyanasiyana, ndipo kukonza kachipangizo kamene kamalamulira magiya ake kumafuna katswiri ndi kompyuta. Amene mtima wake uli pa Polo asankhe ya injini yopanda turbo, monga ya 1.4, yosintha magiya ndi dzanja, ndipo ngati injiniyo ili ndi lamba, afunse umboni wa tsiku limene lambayo anasinthidwa. Ya dizilo aisiye ngati maulendo ake ndi aafupi, chifukwa sefa ya utsi imatsekeka injini ikamazimitsidwa isanatenthe mokwanira.

Pa chitetezo, chaka ndi msika umene galimoto inapangidwira n'zofunika kuposa dzina. Yaris ya 2005, Jazz ya 2009 ndi Polo ya 2009 zonse zinalandira nyenyezi zisanu pa mayeso a Euro NCAP, bungwe la ku Ulaya loyesa chitetezo cha galimoto pa ngozi, koma mayesowo anachitidwa pa galimoto zogulitsidwa ku Ulaya, ndipo malamulo ake akhala akukhwima zaka zikamapita, kotero kuti nyenyezi za zaka zosiyana sizifanana. Galimoto ya dzina lomwelo yopangidwira msika wina ikhoza kukhala ndi ma airbag awiri okha. Chimene ndingaumirire kwa munthu wosazolowera msewu ndi chipangizo chimene chimagwira mabuleki a tayala limodzilimodzi galimoto ikayamba kuterereka pokhota, chimene Toyota imatcha VSC, Honda imatcha VSA, ndipo Volkswagen imatcha ESP. Ku Japan ndi ku European Union chinakhala chokakamiza pa galimoto zonse zatsopano zoterezi pofika kumapeto kwa 2014, ndiye kuti pa zakale muyenera kufufuza nokha ngati chilimo. Komanso Vitz ndi Fit za zaka zambiri zinakhudzidwa ndi vuto la ma airbag a kampani ya Takata, amene amatha kuphulika mwamphamvu n'kumwaza tizitsulo. Nambala ya chasisi ndiyo imene mungafufuzire ngati galimotoyo inakonzedwa.

Ndikaika zonsezi pamodzi, ine ndimaika Vitz ya 1.3 patsogolo, Fit ya petulo ya 2007 kupita m'tsogolo pambuyo pake pang'ono, kapena patsogolo penipeni ngati malo a katundu ndi ofunika kwa inu, ndipo Polo ndimaisiyira amene amayenda maulendo ataliatali ndipo ali ndi makaniko amene amaidziwa bwino. Mazda Demio ya 2007, imene kwina imatchedwa Mazda2, ndi yoyeneranso kuiyang'ana, chifukwa ndi yopepuka, yosangalatsa kuyendetsa, ndipo nthawi zambiri imatsikirapo mtengo, ngakhale kuti kumbuyo kwake n'kopanikiza.

Komabe mndandandawu umagwira ntchito pokhapokha galimoto zitatuzo zitasamalidwa mofanana, zimene sizichitika kawirikawiri. Polo yokhala ndi mabuku a sevisi athunthu ndi yabwino kuposa Vitz imene inatenthapo injini kapena inaongoledwa itachita ngozi. Apa m'pamene akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitani kukaona galimoto masana, injini itazizira, ndipo ngati wogulitsa waiwotha kale musanafike, mufunse chifukwa chake. Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa, alumikize kompyuta pa soketi ya OBD, younikira mavuto a galimoto, imene ili pansi pa dashibodi, ndipo muonetsetse kuti magetsi ochenjeza a pa dashibodi a injini, mabuleki a ABS ndi airbag akuyaka mukatembenuza kiyi kenako n'kuzima injini ikalira, chifukwa getsi limene siliyaka n'komwe mwina linachotsedwa dala. Yang'anani pansi pa chotsekera oyilo ngati pali phala loyera, limene lingasonyeze kuti madzi akulowa mu oyilo, ndipo suzumirani pansi pa galimoto ndi pansi pa kapeti wa buti kuti muone dzimbiri kapena zizindikiro za kuwotcherera.

Makilomita olembedwa pa mita musawakhulupirire okha. Ayerekezeni ndi kutha kwa chiwongolero, mapedulo ndi mpando wa dalaivala. Matayala nawo ali ndi zaka zawo: manambala anayi omaliza pa chizindikiro cha DOT, cholembedwa m'mbali mwa tayala, amanena sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa, mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019, ndipo matayala anayi okalamba ndi ndalama zimene muyenera kuchotsa pa mtengo pokambirana. Ngati galimotoyo inagulidwa pa okushoni ku Japan, pemphani pepala lake la okushoni, pomwe chilembo cha R chimasonyeza kuti inakonzedwapo pambuyo powonongeka thupi. Poyesa kuyendetsa, nyamukani pang'onopang'ono kangapo pamtunda kuti mumve ngati CVT kapena DSG ikunjenjemera, ndipo musapereke ndalama iliyonse mpaka nambala ya chasisi yosindikizidwa pa galimoto itagwirizana ndi ya pa mapepala, dzina la wogulitsa litagwirizana ndi la mwini wolembedwa, komanso mutatsimikiza kuti galimotoyo sinaikidwe chikole pa ngongole.