Chikanda chosaphika cha m'misika ya ku Chipata: chabwino ndi chonyenga

Chikanda chimene amayi amagulitsa pa timilu m'misika ya ku Chipata ndi timizu tonga mbatata ta zomera zakutchire za mtundu wa Disa, Satyrium ndi Habenaria. Zimamera m'madambo ndi m'mapiri ozizira a udzu wokhawokha, ngati ku Nyika, ndipo chambiri chimachokera kum'mwera kwa Tanzania. Zimachita maluwa m'dzinja. Chilimwe chikafika masamba amauma, koma kambatata kamatsala pansi kudikira mvula. Chomera chilichonse chimakhala ndi kambatata kakale kofota ndi katsopano kolimba. Wokumba akatenga katsopanoko, chomeracho chathera pomwepo, nchifukwa chake chikanda chikusowa ndipo mtengo ukukwera.

Musagule musanadule kamodzi. Chabwino chimakhala cholimba, cholemera m'manja, m'kati mwake muli monyezimira ndi monanda. Chonyenga chimakhala choyera, chamadzimadzi, ndipo chikaphikidwa sichigwirana, chimangokhala phala. Ogulitsa ena amasakaniza mitundu iwiriyi mumulu umodzi, choncho funsani mwaulemu: "Amayi, ndidulireniko aka ndione."

Chabwinocho sichikhumudwitsa. Tsukani mchenga wonse, yanikani, sinjani ndi kusefa. Kapu imodzi ya ufawu imafuna makapu awiri a nsinjiro, mchere, tsabola ndi soda pang'ono. Soda akachuluka chimawawa ndi kuda. Phikani zonsezi ndi madzi mumphika, mukutakasa mosalekeza mpaka chitasiya kumata pa mthiko, kenaka vundikirani ndi kuika makala pa chivundikiro kuti pamwamba paume.

Timizu tating'ono kwambiri tisiyeni, tinakumbidwa tisanakhwime.