Star Trek: Strange New Worlds, sizoni yachitatu: kuseka kulipo, koma sikukusiya kanthu mumtima

Ndapereka nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo ndapereka mtima ukuwawa, chifukwa sizoni ziwiri zoyambirira ndikanazipatsa zisanu mosazengereza. Ndimakhala ku Britain, ndipo chifukwa chachikulu chimene ndimalipirira Paramount+, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti, mwezi ndi mwezi ndi sewero limeneli. Sizoni yachitatu inayamba pa 17 July 2025 n'kutha pa 11 September. Ndinkaonera sabata ndi sabata, kenako ndinabwereza magawo onse 10 ndisanalembe ndemangayi, poopa kuweruza ndi mkwiyo wa tsiku limodzi. Amene simunaonere ndikuchenjezeretu: ndiulula zambiri za nkhaniyi, ngakhale mathero ake.

Kwa amene simukulidziwa, seweroli linayamba mu May 2022. Likunena za chombo cha mumlengalenga chotchedwa Enterprise pa nthawi imene kaputeni wake anali Christopher Pike, Kirk, kaputeni wa m'sewero loyambirira la Star Trek la m'ma 1960, asanatenge mpandowo. Anson Mount ndiye Pike, Ethan Peck ndi Spock, wasayansi yemwe bambo ake ndi a mtundu wa kudziko lina wotchedwa Vulcan, Rebecca Romijn ndi Una, wachiwiri kwa kaputeni. Chomwe chinandikoka poyamba n'chakuti gawo lililonse linali ndi nkhani yakeyake, monga zinkakhalira m'ma 1960: afika padziko lachilendo, apeza vuto, alimbana nalo, apitirira ulendo. Pansi pa zonsezo panali chinthu cholemera, chakuti Pike akudziwa kale za ngozi imene ikumudikira kutsogolo, imene idzamusiya wolumala pa mpando, osatha kuyankhula. Munthu wodziwa tsoka lake koma n'kumaphikirabe anzake chakudya ndi nkhope yowala, ameneyo ndinamukonda.

Anthu ambiri akudandaula kuti seweroli lasanduka la nthabwala. Inenso ndinkanena zomwezo mpaka tsiku limene ndinakhala pansi n'kuwerenga bwinobwino. Mu sizoni yachitatu, magawo amene analembedwa kuti akhale oseketsa kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndi atatu: lachiwiri, lachinayi ndi lachisanu n'chitatu. Nanga mu sizoni yachiwiri ya 2023? Atatunso: lija Spock anasanduka munthu wamba ngati ife, lija munabwera anthu a m'katuni ya Star Trek yotchedwa Lower Decks, ndi lija aliyense ankaimba m'malo moyankhula. Chiwerengero n'chomwecho. Ndiye n'chifukwa chiyani chaka cha 2023 ndinkaseka n'kukagona wokhutira, koma ulendo uno ndinkaseka n'kumayang'ana wotchi?

Kwathu pamaliro, adzukulu amatha kuponya nthabwala mpaka wofedwa n'kumwetulira misozi ili m'maso. Palibe amene amati alakwitsa, chifukwa aliyense akudziwa kuti bokosi lili pomwepo. Nthabwala zawozo sizichotsa maliro, zimangothandiza anthu kusenza chisoni. Sizoni ziwiri zoyamba zinkadziwa zimenezi. Tengani gawo la mu sizoni yoyamba lotchedwa The Elysian Kingdom. Anthu onse a m'chombo asanduka mafumu, akalonga ndi afiti a m'buku la nthano, avala zovala zonyezimira, Pike wasanduka nduna yamantha. Umaseka ndithu. Koma bukulo ndi limene dokotala M'Benga ankawerengera mwana wake wamkazi Rukiya, yemwe ankadwala matenda osachiritsika, ndipo pomaliza bamboyu akulola kuti mwana wakeyo apite kuti akhale ndi moyo, ngakhale kuti sadzakhala nayenso. Ine ndili ndi mwana wamkazi. Usiku umenewo nditazimitsa kanema ndinakhala kaye pabalaza kwa nthawi ndithu.

Gawo loimba lija nalonso linali ndi ntchito. Nyimbo zinkakakamiza anthu kunena zimene ankabisa. Namwino Chapel anathetsa chibwenzi ndi Spock kudzera m'nyimbo, anthu onse akuona, ndipo bala limenelo Spock anayenda nalo mpaka sizoni yotsatira. La'an, mkulu wa chitetezo m'chombo, anaulula zakukhosi kwa Kirk. Komanso onani malo amene analiika. Pakati pa gawo la katuni ndi gawo loimba anaikapo Under the Cloak of War, nkhani ya M'Benga atakumana maso ndi maso ndi mkulu wa asilikali a mtundu wankhondo wa Klingon yemwe anasanduka kazembe wamtendere, koma manja ake ali ndi magazi a ku nkhondo ya ku J'Gal, imene M'Benga analiko. Babs Olusanmokun, wosewera wobadwira ku Nigeria yemwe ndi M'Benga, anasewera gawo limenelo ndi maso okha, mawu ochepa, ndipo kwa ine palibe gawo lina la seweroli lomwe linaposa limeneli. Kuimba kwa sabata yotsatira kunali ngati madzi ozizira pambuyo pa ulendo wapadzuwa.

Tsopano sizoni yachitatu. Tinadikira pafupifupi zaka ziwiri, chifukwa cha sitalaka ya olemba ndi osewera mafilimu ku America mu 2023. Sizoni yachiwiri inatisiya pakamwa pali yasa: zilombo zija zonga ng'azi zotchedwa Gorn zagwira ena mwa anthu a m'chombo, ndipo Marie Batel, wokondedwa wa Pike, ali ndi mazira a Gorn m'thupi. Gawo loyamba linathetsa nkhondo imeneyo mofulumira kwambiri, ma Gorn n'kugonetsedwa tulo. M'gawo lotsatira tinapezeka tili pa ukwati. Mu Wedding Bell Blues, cholengedwa china champhamvu, chomwe akusewera Rhys Darby, chikusintha zinthu kuti Spock adzuke m'mawa ali mkwati wa Chapel, pomwe Chapelyo wabwera ndi chibwenzi chatsopano, Roger Korby. Darby ndi katswiri, ndipo ndinaseka. Koma mtima wanga unali udakali kwa ma Gorn, kwa Ortegas, woyendetsa chombo, yemwe anavulazidwa koopsa, kwa Batel. Zinali ngati kuimba ng'oma ya chinkhoswe anthu asanasambe m'manja kuchokera kumanda.

Lachinayi, A Space Adventure Hour, limene anatsogolera Jonathan Frakes, ndi la La'an akuyesa holodeck, chipinda chimene kompyuta imapangamo dziko longoyerekezera koma looneka ngati lenileni. Iye akusanduka wofufuza mlandu wakupha pakati pa anthu opanga sewero la mumlengalenga m'ma 1960, ndipo Paul Wesley, yemwe amasewera Kirk, akutsanzira mokokomeza kayankhulidwe ka kaputeni wa m'sewero loyambirira lija. Zovala n'zokongola, osewera akuoneka kuti anasangalala. Koma apa seweroli likudziyang'ana pagalasi. Nthabwala zambiri uzimve pokhapokha ukudziwa mbiri ya mmene Star Trek inapangidwira. Mkazi wanga, yemwe anayamba kuonera nane mu 2022 ndipo alibe nazo ntchito za m'ma 1960, anandifunsa kuti, “Bambo a mwana, ulendo wa m'nyenyezi uja anausiya?” Ndinasowa chomuyankha.

Limene linandipweteka kwambiri ndi lachisanu n'chitatu, Four-and-a-Half Vulcans, ndipo pano ndikhalapo pang'ono. Pike, La'an, Chapel ndi Uhura, woona za mauthenga, akulandira mankhwala owasandutsa a mtundu wa Vulcan kuti akagwire ntchito padziko lina. Ntchitoyo ikutha m'mphindi zochepa chabe, dziko lachilendolo sitikuliona n'komwe mokwanira, ndipo gawo lonse lotsala ndi la anthu anayiwa akuzunguza anzawo m'chombo. Akuyankhula mouma, akudzitukumula, ndipo akunyoza Spock kuti ndi Vulcan wa theka poti mayi ake ndi munthu wa padziko lapansi. Kuyambira 1966, Star Trek yakhala ikutiuza kuti ma Vulcan ali ndi mtima wotentha kuposa wathu, ndipo kudziletsa kwawo ndi mwambo umene amauphunzira movutikira kuyambira ali ana. Apa zikuoneka ngati khalidwe lonselo lili m'magazi, ukangobayidwa jakisoni basi wasanduka wodzikuza ndi watsankho. Nthabwala yake yagona pa mfundo yakuti anthu a mtundu wakuti ndi otere. Ife amene tikukhala m'dziko la eni nthabwala zoterezi timazidziwa kukoma kwake, ndipo sizikoma. Spock wakhala akunyozedwa chifukwa cha magazi ake kuyambira ali mwana. Kumva mawu omwewo kuchokera pakamwa pa kaputeni wake, amene amamukhulupirira kuposa wina aliyense, inali nkhani yoti ikanalembedwa mozama n'kutiliza tonse. Koma anaidutsa mothamanga kuti apeze malo a Patton Oswalt, yemwe akusewera Doug, chibwenzi chakale cha Una. Sabata yotsatira palibe amene ankaoneka kuti akukumbukira kuti kunachitika zotere.

Apa ndi pamene ndinaona kusiyana kwake. M'magawo atatu onsewa, anthu amene timawakonda sali iwo eni. Wina wawasokoneza maganizo, kapena ndi zithunzi za kompyuta zovala nkhope zawo, kapena mankhwala awasintha. Kuseka sikukuchokera mu khalidwe lawo, kukuchokera m'chigoba chimene avekedwa. Chigobacho chikavulidwa zonse zabwerera mwakale. Yerekezani ndi gawo lakale la 1967 la tinyama taubweya tija totchedwa tribbles: Kirk ndi Kirk yemweyo, injiniya Scotty ndi Scotty yemweyo, ndipo chomwe chimaseketsa n'kuona anthu aulemu wawo akulimbana ndi vuto lopanda ulemu.

Pali nkhaninso ya malo. Star Trek ina yakale, The Next Generation, nthawi zambiri inkakhala ndi magawo 26 pachaka. Atatu kapena anayi akakhala opepuka sunkadandaula, poti sabata yamawa kunali kwina. Pano tili ndi 10 okha. Chotsanipo atatu a nthabwala. Chotsaninso lachitatu, lomwe ndi la mitembo yoyenda ngati m'mafilimu oopsa, ndi lachisanu n'chiwiri, lomwe anajambula ngati kuti mchimwene wake wa Ortegas akupanga filimu yofunsa anthu mafunso. Theka la sizoni lapita ku kuyesa mitundu ya masewero. Akuluakulu a seweroli, Akiva Goldsman ndi Henry Alonso Myers, amanyadira poyera kuti amasinthasintha mtundu wa nkhani sabata iliyonse, ndipo kulimba mtima kumeneko ndimakulemekeza. Koma akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Amene wagwa chagada pano ndi Pike. Sizoni yonse akuoneka mwa apo ndi apo, ndipo nkhani ya Batel, imene inayenera kukhala msana wa chaka chonse, ikungotulukira m'mipata. Gawo lomaliza likutionetsa moyo wonse umene awiriwa akanakhala nawo, ukwati, mwana, ukalamba, Batel asanadzipereke kukhala mlonda wa ndende ya zolengedwa zoipa zotchedwa Vezda. Mount ndi Melanie Scrofano anasewera bwino kwambiri, ndipo misozi inalengeza. Komabe ndinkamva kuti akundipempha kulira maliro a munthu amene sanandipatse mpata wokwanira wocheza naye.

Ndisanamizire kuti zonse n'zoipa, ayi. Lachisanu n'chimodzi, The Sehlat Who Ate Its Tail, momwe Kirk wachinyamata akukakamizika kutsogolera chombo cha Farragut n'kuyamba kuphunzira kumvera Spock, Scotty ndi Uhura, ndi Star Trek yeniyeni, ndipo muli nthabwala zabwino zochokera m'kukangana kwa anthuwo. Lachisanu n'chinayi, Terrarium, ndiye ngale ya sizoni ino. Ortegas, amene takhala tikupempha kwa zaka kuti apatsidwe nkhani yakeyake, watsakamira pa kamwezi kouma pamodzi ndi Gorn wamkazi wovulala, mdani amene amamulota usiku. Pang'ono ndi pang'ono akugawana chakudya, akusewera limodzi, akutetezana. Melissa Navia, yemwe ndi Ortegas, akuseketsa m'gawo limeneli kuposa ma Vulcan anayi aja, chifukwa ndi kuseka kwa munthu wamantha amene akudzilimbitsa mtima. Ndipo anzake atabwera kudzamupulumutsa n'kuwombera Gorn uja asanamve chilichonse, kuseka konse kuja kunasanduka mwala pachifuwa panga. Olemba amenewa luso akadali nalo. N'chifukwa chake ndikudandaula chonchi.

Pa zooneka ndi maso palibe chodandaula. Chombo n'chokongola, nyimbo zake n'zapamwamba, ndipo Martin Quinn, yemwe ndi wa ku Scotland weniweni, wakhala bwino pa udindo wa Scotty.

Kodi mulipire? Ngati simunaonerepo seweroli, inde, koma yambirani sizoni yoyamba, musadumphe. Ngati munaonera ziwiri zoyambazo ndipo mukufuna kulembetsanso chifukwa cha yachitatu yokha, mwezi umodzi ukukwanirani, ndipo musaphonye gawo lachisanu, lachisanu n'chimodzi ndi lachisanu n'chinayi. Muli ndi ana aang'ono, dziwani kuti lachitatu ndi lachisanu muli zoopsa ndi magazi. Wanga sindinamulole kuonera.

Analengeza kale kuti seweroli lidzatha ndi sizoni yachisanu, ya magawo 6 okha. Kuphatikiza ndi 10 a sizoni yachinayi, ndiye kuti pambuyo pa sizoni yachitatuyi Pike watsala ndi magawo 16 okha. Ku San Diego Comic-Con, msonkhano wa okonda mafilimu ndi makatuni, mu July 2025 anaonetsa kuti limodzi mwa magawo amenewo anthu a m'chombo adzakhala zidole, zopangidwa ndi Jim Henson's Creature Shop. Ndidzaonera, ndipo mwana wanga wanena kale kuti limenelo ndisadzamusiye.