Labotale yomwe inatiyezera DNA ya kokerboom

Ngati muli ndi masamba a zomera za m'chipululu ofuna kuyezetsa DNA, labotale yomwe gulu lathu linagwira nayo ntchito kuno ku Cape Town ndingakulozereni ndithu, bola mukhale odekha mtima.

Ife tinkafufuza za kokerboom, mtengo wa banja la aloe womwe umamera ku Northern Cape ndi ku Namibia. Kuyambira mu 2013 akatswiri amautchula kuti Aloidendron dichotomum, ndipo bungwe loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN linauika m'gulu la zomera zomwe zili pachiopsezo. Kumpoto, komwe dzuwa limaswa mtengo, mitengo yambiri ya kokerboom ikuuma. Tinkafuna kudziwa ngati mitengo ya ku tauni ya Kenhardt ili pachibale ndi ya ku dera la Namaqualand. Izi zimaoneka pa tizizindikiro ta mu DNA totchedwa microsatellite, tomwe timasiyana mtengo ndi mtengo. Wosunga mbewu akatiwerenga amadziwa kokatola njere, kuti asamangodzala pachibale pokhapokha.

Choyamba chomwe a ku labotaleyi anatifunsa chinali chilolezo chothyolera masambawo. Mtengowu ndi wotetezedwa, uli pa mndandanda wachiwiri (Appendix II) wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire, ndipo akuba zomera achuluka, ndiye ine sindinadandaule nazo.

Pomwe anandigwira mtima ndi apa. Tsamba la aloe limadzaza ndi madzi onanda ngati therere, ndipo ngakhale muliike mu silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, limachedwa kuuma. Madzi amenewa amadetsa DNA mpaka makina kulephera kuwerenga bwino. Ena akanangoyeza n'kutitumizira bilu. Iwo anaimba foni, n'kutiuza kuti gawo lina la zomwe tinatumiza silituluka kanthu, ndipo anatilangiza kusenda kachikopa kobiriwira kapamwamba kokha, zam'kati n'kutaya. Kenako anatsuka DNA ndi njira yogwiritsa ntchito mankhwala otchedwa CTAB. Zomwe zinakanika sanatilipiritse.

Koma imelo, abale inu, amayankha akafuna. Kuti mumve pomwe ntchito yafika, imbani foni basi. Zotsatira nazo amangotumiza mafayilo a manambala opanda mawu ofotokozera, moti wophunzira woyamba kumene angafunike womuthandiza kuwamasulira. Mtengo wa ntchito yawo ndi wokwererako, ndipo amawerengera tsamba lililonse palokha, choncho funsani mtengo wa ntchito yonse musanapite kutchire kukathyola masamba ambirimbiri.