Ndalama zochepetsera ngozi za pamsewu: tigawe potengera anthu, ngozi kapena mpikisano?

Boma likatulutsa thumba la ndalama zochepetsera ngozi za pamsewu, mkangano umabuka pa kagawidwe kake. Njira iliyonse ili ndi yemwe imamukondera.

Yosavuta ndi kuwerenga anthu ndi kutalika kwa misewu. Ku America thumba la chitetezo cha pamsewu lotchedwa Section 402 amaligawa choncho: magawo 75 pa 100 potengera chiwerengero cha anthu, 25 otsalawo potengera misewu. Ubwino wake, chigawo chimadziwiratu zomwe chilandire chaka chamawa. Koma mzinda wodzaza anthu, momwe magalimoto amangokwawa, umadya zambiri kuposa chigawo chakumidzi komwe malole amaliza liwiro usiku, anthu akuyenda m'mphepete mopanda ndi nyale yomwe.

Ena amati ndalama zitsate ngozi. Ku Australia, pulogalamu ya boma yokonza malo oopsa pamsewu, Black Spot Program, kwa zaka zambiri inkayang'ana malo omwe pachitika ngozi zosachepera zitatu zovulaza kapena kupha anthu m'zaka zisanu. Zimamveka zachilungamo, komatu ndiye kuti tidikire kaye maliro. Chinanso, ziwerengerozo zimachokera kupolisi. Mayi wagundidwa ndi njinga yamoto, abale amunyamula okha, wamwalira kuchipatala patatha sabata: m'kaundula mulibe. Chigawo cholemba mosamala chimaoneka choopsa, chaulesi polemba nkuoneka chabata. Ndiye pali mphambano yomwe yangokumana ndi chaka cha tsoka. Ngozi zikanatsika zokha chaka chotsatira, koma ulemu umapita kwa mahampu omwe tathirapo.

Za mpikisano ndilibe nazo mtima kwenikweni. Pulogalamu ya Safe Streets and Roads for All, ya madola 5 biliyoni pansi pa lamulo la 2021 ku America, imafuna makhonsolo alembe mapulani nkupikisana. Khonsolo ya mainjiniya khumi imalemba zokoma. Ya injiniya mmodzi, amenenso akuthamanga ndi milatho ndi ngalande, tsiku lotsekera limaipeza isanayambe.

Ine ndikadagawa pawiri. Kagawo kochepa kapite kwa aliyense potengera anthu ndi misewu, kuti ntchito isaime. Zochulukazo zitsate kuopsa kwa msewu weniweniwo, monga amayezera a iRAP, bungwe loyeza chitetezo cha misewu m'maiko osiyanasiyana, popereka nyenyezi 1 (msewu woopsa kwambiri) mpaka 5 (wotetezeka kwambiri): amaona liwiro, makona, malo owolokera, ngati woyenda pansi ali ndi njira yake. Msewu wa nyenyezi imodzi wodutsa pageti pa sukulu ungalandire ndalama mwana asanagundidwe.