Kiti ya laina ndi pisitoni ya kathalakita ka kudimba: ndi yabwino, koma ambiri amaiwononga poimanga

Tikunena za bokosi lija limagulitsidwa m'masitolo a masipeyala ku Down Shops mu Chipata, la injini za dizilo za silinda imodzi monga S195, S1100 ndi ZS1100. Injini zimenezi ndi zomwe zimakoka timathalakita toyenda nato pansi m'madimba a ku Katete, Petauke ndi Lundazi, ndipo zina zimazunguza zigayo. M'bokosimo mumakhala laina (chipaipi chachitsulo momwe pisitoni imayendamo), pisitoni, pini yake, maringi ndi timphira tiwiri totsekereza madzi. Kiti imeneyi ndi yoyenera kugula. Chitsulo cha laina ndi pisitoni chimapirira ndithu, ndipo injini yomwe imatulutsa utsi wabuluu ndi kumwa oyilo imabwereranso mphamvu. Chofooka ndi timphira tija, makamaka bokosi likakhalitsa pashelefu potentha. Tipindeni musanalipire, ngati taoneka ming'alu, gulani tina padera.

Kulakwa koyamba kumachitikira pa kauntala pomwe. S1100 ndi ZS1100 zonse n'zamamilimita 100 m'kati mwa silinda, choncho pisitoni ya ina imalowa bwinobwino mu inzake. Koma ya ZS imapopera dizilo mwachindunji m'kabowo kakuya ka pamutu pa pisitoni, pamene ya S imayatsira m'kachipinda ka m'hedi. Mukasinthanitsa, injini imavuta kulira, imafuka utsi, mphamvu n'kusowa. Nyamulani pisitoni yakale popita kusitolo, muiyerekeze ndi yatsopano pamaso pa wogulitsa. Ogulitsa ena amangofunsa mahatchi a injini basi, ndipo funso limenelo silokwanira.

Pamene pamafunika mtima wodekha ndi pa laina. Laina ya injini izi imakhudzana ndi madzi kunja kwake, ndiye pamalo pomwe imakhala mu buloko pamadzaza dzimbiri ndi zoyera zija zochokera m'madzi a pamjigo. Anthu ambiri amazula yakale n'kukhomera yatsopano pa nyansi zomwezo. Palani mpaka chitsulo chioneke. Kenako ikani laina popanda timphira, muone ngati ikukhala bwino ndipo mlomo wake ukuposa buloko pang'ono kwambiri, mongomveka ndi chikhadabo. Ikamira pansi, gasiketi ya hedi siigwira ndipo ipsa. Timphira tipakeni sopo wamadzi, tisapotoke, ndipo laina ilowe mokankhidwa mofanana, osati ndi nyundo pachitsulo. Kamphira kakangodulika, madzi amatsikira mu sampu, pansi pa injini pokhala oyilo, oyilo n'kusanduka ngati tiyi wamkaka, ndipo mabeyaring'i a kirankishafti amatha m'masiku ochepa. Mukamanga hedi, thirani madzi m'thanki musanathire oyilo, musiye bowo la sampu lotsegula usiku wonse. Kukadontha, mwadziwa ntchito isanapite patali.

Maringi a m'kiti sabwera olingana nthawi zonse, ndipo apa ndi pomwe timaidandaula. Lowetsani iliyonse mu laina, muikankhe ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale mowongoka, muyese mpata wa kumapeto ndi fila geji, timapanga topyapyala toyezera mipata. Pa silinda ya kukula uku uzikhala pakati pa 0.3 ndi 0.5 mm. Ukachepa, ringi ikatentha imagundana, kuthyoka, n'kukanda laina yatsopano. Peresani kumapetoko pang'onopang'ono. Ringi yonyezimira ya kromu ndi ya pamwamba, mbali yolembedwa iyang'ane kumutu kwa pisitoni, ndipo mipata isayang'ane mbali imodzi kapena kulunjika pa pini. Pini musaikhome: viikani pisitoni m'madzi owira kwa mphindi zingapo, iwume, pini yopakidwa oyilo ilowa ndi chala. Girisi wa kufakitale mutsukeni yense ndi parafini.

Manati a hedi amafuna sipana ya toki, yoyeza mphamvu yomangira, ndi nambala ya mphamvuyo ya m'buku la injiniyo, kumanga mopingasa katatu, osati kuwonjezera paipi pa sipana n'kudumphira. Gasiketi yakale isabwererepo. Mpata wa mavavu a S195 injini ikazizira ndi 0.35 mm pa yolowetsa mpweya ndi 0.45 mm pa yotulutsa utsi. Injini ikalira n'kutentha koyamba, isiyeni izizire, mubwereze manatiwo, muyesenso mavavu chifukwa gasiketi imakhala itaphwa. Kawasha ka kopa ka pansi pa nozo yopopera dizilo kakhale katsopano, kamodzi kokha.

Amene watsegula chivundikiro cha magiya ayang'anitsitse zizindikiro za pa magiya zosonyeza mano oyenera kukumana. Injini izi zili ndi mashafti awiri ochepetsa kunjenjemera, ndipo akaphonya ngakhale dzino limodzi kathalakita kamagwedezeka mpaka mabawuti kumasuka. Jambulani ndi foni musanachotse giya iliyonse.

Kiti ilibe mabeyaring'i a kondirodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ku kirankishafti, ndiye musaganize kuti mwamaliza kugula. Ngati kirankishafti ili ndi mizere yomveka ndi chikhadabo, iyenera kukaperedwa ku makina, apo ayi pisitoni yatsopano idzangowonjezera kugogoda.

Ndiye pali chimene chinadya laina yakaleyo, chomwe kawirikawiri ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, nthaka yofiira ya kuno imauluka ngati ufa, ndipo sefa ya mpweya yopanda oyilo m'kabakuli kake, kapena paipi yake yong'ambika, imalowetsa mchenga molunjika m'silinda. Tsukani sefayo, thirani oyilo mpaka pamzere, mangani makilampu. Masiku oyamba musamange pulawo. Kazikoka ngolo yopepuka, muziona kuti kachizindikiro kofiira ka oyilo kakukwera, ndipo oyilo woyambayo mumukhetse msanga akadali wotentha, chifukwa ndi amene amanyamula tizitsulo ta maringi pamene akukhazikika mu laina.