Nkhani za mazombi: kupulumuka, chibwenzi, kapena zonse pamodzi?

Anzanga a ku Ulongué, Tsangano ndi Moatize amene timatumizirana mabuku ndi mafilimu pafoni, dandaulo limene limabwera kawirikawiri ndi limodzi. Pachikuto pamakhala mpanda wogumuka ndi manja a akufa akutulukira m'mipata, koma ukatsegula umapeza mtsikana akusinkhasinkha za anyamata awiri mpaka buku kutha. Mamega apita, tulo tapita, mtima sunakhute. Nkhanizi zonse zili ndi mazombi, akufa oyendayenda odya amoyo, koma sizilonjeza zofanana, ndipo ndi bwino kudziwiratu musanatsitse.

Amene akufuna za kupulumuka zokhazokha, buku la Max Brooks la 2006, World War Z, ndilo lawo. Mulibe mnyamata ndi mtsikana oti muziwatsatira. Ndi maumboni a opulumuka a m'mayiko osiyanasiyana, kuyambira dokotala wa ku China amene anaona odwala oyamba. Gawo la ku South Africa ndilo limandisautsa mtima mpaka lero: boma livomereza kupulumutsa anthu ochepa pamalo otchingidwa, ena n'kuwasiya dala kuti akufawo atanganidwe nawo. Mukafuna kuona momwe boma, asilikali ndi zipatala zimagwera, mukhuta. Chofooka chake n'chakuti simukhala ndi munthu mmodzi nthawi yokwanira kuti mumulire. Filimu yake ya 2013 inasintha zambiri, musaiyese bukulo.

Za chibwenzi zili pawiri, ndipo sindiziika m'thumba limodzi. Warm Bodies ya Isaac Marion, buku la 2010 lomwe linakhala filimu mu 2013, siinamiza munthu. Zombi wotchedwa R adya ubongo wa chibwenzi cha Julie, atenga zokumbukira za mnyamatayo, ayamba kumukonda Julie, ndipo pang'onopang'ono umunthu umubwerera. Ndi nthano, ndipo ukailandira ngati nthano imakoma. Kungoti ife amene tinakula tikumva za ndondocha, mwana wa eni amene amati mfiti yamudula lilime n'kumamugwiritsa ntchito usiku, zimatitengera nthawi kuti tizimeze. Wakufa woyendayenda kwathu timamuopa ndi kumumvera chisoni, si woti n'kupalana naye ubwenzi.

Chimene chimapweteka kwenikweni ndi buku longa The Forest of Hands and Teeth la Carrie Ryan, la 2009. Limayamba mwamphamvu ndithu. Mudzi wazunguliridwa ndi mpanda, kunja kuli nkhalango yodzaza akufa, m'kati muli gulu la masisitere losunga zinsinsi, ndipo Mary akulakalaka kukaona nyanja imene mayi ake ankamusimbira. Wowerenga amayamba kufunsa: anamanga mipandayi ndani? Masisitere akubisa chiyani? Koma masamba ambiri amathera pa mtima wa Mary pakati pa Travis ndi Harry, amene ndi pachibale, ndipo mafunso aja ambiri amatsala osayankhidwa. Nkhani zochuluka zaulere za pa Wattpad, tsamba la pa intaneti lomwe aliyense amalembapo nkhani zake, zimayenda njira yomweyo, zina moipirapo: akufa amagwedeza chitseko pamene wolemba akufuna kutiopseza, n'kukhala duu pamene awiriwo akufuna kucheza. Chakudya sichitha, bala silitukusira, palibe amene ali ndi ludzu.

Ndikuganiza kuti ife a ku Tete timaona msanga bodza limeneli chifukwa kuthawa tikukudziwa. Pa nkhondo ya kwathu ku Mozambique imene inatha ndi pangano la ku Roma mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo a ku Angónia ambiri anangowolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu. Khalani pansi ndi agogo anu, mumve zimene amakumbukira: kathumba ka ufa pamutu, mayi kutseka pakamwa mwana wolira ali m'tchire, abale kukangana monong'ona ngati nkhalamba yosayenda aibereke kapena aisiye. Anthu ankakondana ndithu, ena anakwatirana ali othawa kwawo komweko. Koma chikondi chawo chinkaoneka pa amene wasenza mtolo wa mnzake, amene wapereka mbamu yake yomaliza. Wolemba akachotsa njala ndi mantha kuti chibwenzi chipeze malo, wachotsanso chinthu chomwe chikanatisonyeza kuti awiriwo akukondanadi.

N'chifukwa chake ndimaika patsogolo Train to Busan, filimu ya ku South Korea ya 2016. Muli chikondi chambiri kuposa m'mabuku a chibwenzi aja, koma ngozi siidikira munthu. Muli bambo wodzikonda amene akuphunzira kusamala mwana wake wamkazi sitima ikuthamanga. Muli mwamuna wojintcha, wolumidwa kale padzanja, wotchinga chitseko ndi thupi lake kuti mkazi wake woyembekezera adutse, n'kufuula dzina la mwana amene sadzamuona. Palibe pamene awiriwa aima kuti auzane mawu okoma, koma pamenepo anthu amapukuta misozi. The Walking Dead, sewero la pa TV la zigawozigawo lomwe linayamba mu 2010, ilinso ndi Glenn ndi Maggie, amene chikondi chawo chimakula pakati pa njala ndi maliro, ngakhale zigawo zina zimakokera kwambiri.

Musanatsitse buku, werengani mawu a kuseri kwa chikuto. Akatchula anyamata awiri asanatchule madzi, chakudya kapena kothawira, dziwani kuti ndi la chibwenzi, mulitenge ngati mukufuna chibwenzicho. Wa mamega ochepa ayambe ndi Train to Busan, siikwana n'komwe maola awiri. The Walking Dead ili ndi masizoni 11, imeneyo ndi yokakopera pa fulashi kwa mnzanu amene ali nayo kale.